Tinayamba Liti Kudzitcha Mtundu Umodzi? Funso Lochokera m'Chigwa cha Phalombe

Pa 3 February 1915, apolisi a boma la Mulanje anapeza M'busa John Chilembwe m'tchire la m'chigwa cha Phalombe, cha kufupi ndi mtsinje wa Migowi, nawawombera. Anali paulendo wothawira ku Mozambique, patangopita masiku 11 chiyambireni kuukira atsamunda. Mtembo wawo anaunyamula kupita nawo ku Mulanje ndipo anauika mwakabisira m'manda opanda chizindikiro. Lero nkhope yawo ili pa ndalama ya K2,000, pa 15 January timakhala pa tchuthi, ndipo mwana aliyense wa ku pulayimale amadziwa kuyankha kuti a Chilembwe anafera dziko lino.

Yankholo ndi loona, koma m'kati mwake muli funso lalikulu. Dziko lake liti? Mu 1915 dzina loti Malawi panalibe pa mapu. Dzina loti Nyasaland linali litakhala dzina la boma kwa zaka 8 zokha, malire amene a Chilembwe ankathamangirako anali ndi zaka 24, ndipo ambiri mwa anthu wamba amene anawatsata usiku wa pa 23 January anabadwira kutsidya kwa malire omwewo. Nanga mtima woti anthu a zilankhulo zosiyana ndi mafumu osiyana, ena eni nthaka ena obwera dzulodzuloli, ndi mtundu umodzi woyenera kudzilamulira, unachokera kuti? Unkaoneka bwanji usanakhale ndi chipani, mbendera ndi nyimbo ya fuko?

Kukonda kwanu sikunayambe dzulo. Kuyambira makedzana munthu amakonda mudzi umene anakwirira mchombo wake, manda a makolo ake ndi chilankhulo cha mayi wake. Koma kumva kuti mlimi wa ku Chiringa ndi msodzi wa ku Karonga, anthu oti sadzaonana mpaka imfa, ndi abale a dziko limodzi, ndiponso kuti palibe woyenera kuwalamulira popanda iwo eni kulola, limenelo ndi ganizo laposachedwa. Ndi laposachedwa kuno kwathu, ngakhalenso ku Ulaya komweko.

Kufikira zaka za m'ma 1700, anthu ambiri a ku Ulaya ankadziwika ndi mfumu yawo, mpingo wawo ndi chigawo chawo. Mafumu ankapatsirana maiko pa ukwati kapena pa nkhondo, eni kukhalamo osafunsidwa. Zinthu zinatembenuka mu 1789 pamene ku France kunabuka chipwirikiti chimene chinathera pa kugwetsa ufumu. Otsogolera ake ananenetsa kuti mwini ulamuliro ndi anthu onse pamodzi, ndipo munthu amakhala wa mtunduwo chifukwa ndi nzika yomvera lamulo limodzi ndi anzake. Ku Germany, komwe kunali timaufumu tambirimbiri, kunamera ganizo lina. Johann Gottfried Herder ankaphunzitsa kuti mtundu umadziwika ndi chilankhulo chake, nthano zake ndi nyimbo zake. Nkhondo za Napoleon zinafalitsa maganizo onse awiri, ena potengera Afalansa, ena podana nawo. Italy inakhala dziko limodzi mu 1861, Germany mu 1871. Koma tisaiwale kuti akapolo achikuda a ku Haiti anali atathamangitsa kale ambuye awo n'kukhazikitsa dziko lawolawo mu 1804, Ataliyana ndi Ajeremani asanafikepo.

Akatswiri a mbiri akhala akukangana pa nkhaniyi. Ena amati mtundu umakhalapo kale, umangodzuka kutulo nthawi yake ikakwana. Ena amati umachita kupangidwa. Ernest Renan, polankhula ku Paris mu 1882, anakana zoti magazi, chilankhulo kapena chipembedzo ndizo zimamanga mtundu. Kwa iye chimamanga ndi kukumbukira zowawa zimene anthu anazimva limodzi ndi kufuna kupitiriza kukhalira pamodzi. M'buku lake lomwe linatuluka koyamba mu 1983, Benedict Anderson anaonjezerapo kuti anthu osadziwana amayamba kudzimva ngati abale chifukwa cha nyuzipepala, mabuku osindikizidwa m'chilankhulo cha anthu wamba, mapu ndi kalembera. Ine ndikayang'ana mbiri ya chigwa chathu, ndimaima ndi gulu lachiwirili. Kungoti pali chimodzi chimene ndimaona kuti amachichepetsa. Agogo athu ambiri sankawerenga nyuzipepala. Chimene chinawaphunzitsa kuti ali pa vuto limodzi chinali chiphaso cha msonkho ndi chikoti cha kapitawo.

Chigwa cha Phalombe chinayala kuchokera m'tsinde mwa mapiri a Mulanje ndi Michesi mpaka ku madambo a nyanja ya Chilwa. Eni ake akale anali Amang'anja ndi Anyanja, zidzukulu za Amaravi. Alipo amene amati mtundu wathu unayambira pa ufumu wa Kalonga, Lundu ndi Undi, paja dzina la Malawi tinalitenga kumeneko. Ufumuwo unalipodi, waukulu ndithu, ndipo Apwitikizi ankaudziwa bwino m'zaka za m'ma 1600. Komatu sunafike kwa Ankhonde a ku Karonga, ndipo zigawo zake zikuluzikulu lero zili ku Zambia ndi ku Mozambique. Munthu wamba ankadalira mbumba yake, mwini mbumba, nyakwawa ndi kachisi wopempherako mvula monga wa Mbona ku Khulubvi. Pomwe David Livingstone ankafika pa nyanja ya Chilwa mu 1859 n'kuti maufumu akalewo atagawikagawika.

M'zaka za m'ma 1860 Ayao anafika m'derali, ena akuthawa nkhondo ndi njala, ena atanyamula mfuti ndi malonda. Mpata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi unasanduka njira ya minyanga ndi akapolo yopita kugombe la nyanja yamchere. Mu 1893 boma la atsamunda la Harry Johnston linamanga linga pampatapo, la Fort Lister, lomwe mabwinja ake alipo mpaka lero. Mafumu achiyao monga Mkanda ndi Matipwiri analimbana ndi Angerezi kufikira atagonjetsedwa, Matipwiri mu 1895. Anali amuna olimba mtima, zimenezo palibe angatsutse. Koma tisawapatse cholinga chimene analibe. Ankateteza ufumu wawo ndi malonda awo, ndipo ena mwa malondawo anali anthu. Mmang'anja amene mwana wake anadutsa pampata paja ali m'goli sakanamuona Matipwiri ngati womumenyera ufulu. Gomani woyamba wa Angoni a ku Ntcheu, amene anaphedwa mu 1896, nayenso anamenya nkhondo yakeyake. Aliyense anaima payekha, ndipo atsamunda anawathyola mmodzimmodzi pogwiritsa ntchito asilikali owerengeka ochokera ku India ndi ena olembedwa konkuno.

Choyamba chimene chinatiika m'gulu limodzi chinalembedwa ndi anthu oti sanapondepo ku Phalombe. Pangano la Britain ndi Portugal la pa 11 June 1891 linadutsitsa malire m'mbali ya kum'mawa kwa nyanja za Chiuta ndi Chilwa, kenako n'kutsata mtsinje wa Ruo mpaka ku Shire. Mzerewo unadula mabanja ndi njira zakale. Koma unatanthauzanso kuti onse a mbali ino azikhoma msonkho umodzi, kwa bwanamkubwa mmodzi wa ku Zomba, milandu yawo n'kumaweruzidwa ndi lamulo limodzi. N'zowawa kuvomereza, koma mpanda umene tinadzaumenyera nkhondo anamanga ndi mtsamunda. Maiko ambiri a mu Afrika nawonso anayamba chomwecho.

Kenako kunafika Alomwe. Ena analipo kale m'mbali mwa Chilwa ndi Mulanje malire asanalembedwe, koma chinamtindi cha anthu chinayamba kuwoloka cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1890, kuthawa nkhondo za Apwitikizi, msonkho wankhanza, ntchito yokakamiza ndi njala. Sanabwere ngati mtundu umodzi. Munali Amihavani, Atakhwani, Akokhola, Amanyawa, Amarenje ndi ena, gulu lililonse ndi kalankhulidwe kake. Atsamunda ndi anansi anawaunjika onse pa dzina limodzi loti Anguru, ndipo dzinalo linkatchulidwa monyoza. Kalembera wa 1921 anapeza oposa 120,000. Pofika 1945 anali pafupifupi 380,000, atadzaza Phalombe, Mulanje, Thyolo, Chiradzulu ndi mbali ina ya Zomba.

Wobwera alibe munda. Malo ambiri achonde a kumtunda kwa Shire anali atagwidwa kale ndi azungu kudzera m'zikalata zimene Johnston anapereka. Kampani ya A. L. Bruce, ya banja la mkamwini wa David Livingstone, inali ndi maekala pafupifupi 170,000, ambiri ku Magomero, ena ku Likulezi kufupi ndi phiri la Mulanje. Wofuna pomanga nyumba pa esiteti ankalipira ndi thukuta, ndiye thangata ameneyo. Pa pepala unali mwezi umodzi wa lendi ndi wina wa msonkho. Kumunda miyeziyo inkatambasuka. Kapitawo akanena kuti ndime ya lero sinathe, tsikulo silinkalembedwa pa tikiti. Ntchito inkafunika kwambiri m'dzinja, nthawi yomwe munthu amayenera kupalira munda wake, ndipo amayi amasiye ndi osakwatiwa nawonso sankasiyidwa. Wobwera sakanatsegula pakamwa, chifukwa akamuthamangitsa akabwerera m'manja mwa Apwitikizi. Okhala kunja kwa esiteti nawo sanapulumuke. Kuyambira mu 1901 msonkho wa nyumba unali masheleni 6, koma wogwira ntchito kwa mzungu mwezi wathunthu ankalipira theka. Lamulolo linakonzedwa dala kuti munthu asiye khasu lake akagwire la wina.

Apa ndi pamene ndikuona mbewu yeniyeni. M'munda wa thonje wa mzungu, Mlomwe, Myao ndi Mmang'anja anapatsidwa ndime zofanana, natukwanidwa ndi pakamwa pamodzi. Kuti amvane anatola Chinyanja, chomwe chinalinso chilankhulo cha sukulu za mishoni, cha apolisi ndi cha asilikali. Anakwatirana mosavuta poti onse ndi a chikamwini, ana n'kukhala a kuchikazi. Mudzi wa m'chigwa chino unasanduka malo amene munthu amatha kukhala ndi agogo a mitundu itatu. Anthu otere ukawauza kuti chowalumikiza ndi magazi a kholo limodzi, sangamve. Chowalumikiza chinali malo amene akhalapo ndi goli limene asenza.

Komabe kuvutika pakokha sikubala ganizo. Panafunika anthu oti alitchule dzina vutolo ndi kuloza kumene kuli potulukira, ndipo anthuwo anachokera m'sukulu za mishoni. Mishoni ya Blantyre inayamba mu 1876, ndipo m'busa wake David Clement Scott ankakhulupirira kuti mpingo wa mu Afrika uyenera kudzatsogoleredwa ndi Aafrika. Amene anaphunzira kuwerenga anakumana ndi nkhani ya Aisraele ku Igupto, ndipo sanasowe wowauza kuti Farao wa masiku awo ndani. Mu 1892 kunafika Joseph Booth, mmishonale wosamva za azungu anzake, amene anakhazikika ku Mitsidi nayamba kulipira antchito ndalama zoposa za pa esiteti. Mu 1897 anasindikiza buku lotchedwa Africa for the African, ndipo chaka chomwecho anatenga wantchito wake wa m'nyumba, John Chilembwe, kupita naye ku America. Ku Lynchburg, m'chigawo cha Virginia, a Chilembwe anaona anthu akuda ali ndi makoleji, mipingo ndi nyuzipepala zawozawo. Anaonanso mmene anthu omwewo ankasalidwira ndi kuphedwa popanda mlandu. Anabwerako mu 1900 nakhazikitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, mothandizidwa ndi mpingo wa Baptist wa anthu akuda a ku America.

Sanali okha. Ku South Africa, Mangena Mokone anali atatuluka mu mpingo wa azungu mu 1892 n'kuyambitsa wake wotchedwa wa Ethiopia, ndipo dzinalo linakula mphamvu pamene Ethiopia inagonjetsa Italy ku Adwa mu 1896. Kuno kwathu, a Elliot Kamwana anabatiza anthu oposa 9,000 ku Nkhata Bay pakati pa 1908 ndi 1909, akulalikira kuti ufumu watsopano ukudza mu 1914 ndipo msonkho udzatha. Boma linawachotsa m'dziko mu 1909. Ndiye kuti mtima wodzilamulira unayamba kuonekera m'tchalitchi. Kumeneko ndi kumene munthu wakuda ankatha kuima kutsogolo, kusunga thumba, kulemba makalata ndi kusankha atsogoleri popanda mzungu pamwamba pake. Tizindikirenso kuti abale amene a Chilembwe ankawaganizira poyamba sanali a Nyasaland okha. Anali anthu akuda onse, ndipo mpingo wawo unali ndi nthambi mpaka kutsidya kwa malire. Iwo eni mbiri imati bambo awo anali Myao, mayi awo Mmang'anja, pomwe nkhosa zawo zambiri zinali Alomwe. Paja akuluakulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa.

Kwa zaka zoposa khumi ntchito ya ku Mbombwe inali ya sukulu, ulimi, ukhondo ndi kavalidwe kaulemu. Mayi Ida Chilembwe ankaphunzitsa amayi kusoka. Tchalitchi chachikulu cha njerwa chinatha mu 1913. Cholinga chinali kuonetsa kuti Mwafrika angathe kuchita zonse zimene mzungu amachita, kuti mwina angalandiridwe ngati munthu mnzake. Yankho linachokera ku Magomero. Eni esiteti sankalola sukulu pa malo awo, ndipo woyang'anira wake, William Jervis Livingstone, ankatentha matchalitchi audzu amene akhristu a ku Mbombwe ankamanga. Njala ya 1912 ndi 1913 inabweretsa othawa ena ochuluka. Kenako mu August 1914 nkhondo ya azungu inabuka, ndipo pofika September asilikali achikuda anali atagwa ku Karonga. Mu November a Chilembwe analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kufunsa chifukwa chimene anthu osauka, oti alibe gawo m'boma ndipo sadzapindulapo kanthu, ayenera kufera nkhondo ya eni chuma, n'kusiya amasiye amene adzafunsidwabe msonkho. Boma linaitsekereza. Kwa ine kalata imeneyi ndi yofunika kuposa mikondo ya mu January, chifukwa m'menemo munthu wakuda analankhula poyera m'malo mwa anthu onse a Nyasaland, osatchula fuko la wina aliyense.

Zimene zinatsatira zinatha msanga. Usiku wa pa 23 January 1915 gulu lina linalowa pa esiteti ya Bruce n'kupha Livingstone ndi azungu ena awiri, koma akazi ndi ana silinawavulaze. Mutu wa Livingstone unadulidwa ndi kuonetsedwa pa mapemphero a Lamulungu, chinthu chomwe sitiyenera kuchibisa pofotokoza mbiriyi. Gulu lopita kukalanda mfuti ku Mandala linabwerako ndi zochepa chabe. Ku Ntcheu a Filipo Chinyama sanapite patali, ndipo ku Mulanje ndi ku Zomba moto sunayake. Mafumu ambiri anakhala chete, ena anathandiza boma kusaka othawa. Boma linanyonga ndi kuwombera anthu makumi angapo, pakati pawo a John Gray Kufa ndi a Duncan Njilima, linatsekera ena mazana, ndipo tchalitchi cha njerwa chija linachiphulitsa.

Kodi kumeneku kunali kumenyera dziko? Olemba mbiri amasiyana. A George Simeon Mwase, polemba cha m'ma 1932, anati a Chilembwe ankadziwa kuti sapambana, ankangofuna kufa imfa yoti itsegule maso a atsamunda. George Shepperson ndi Thomas Price, m'buku lawo la 1958 lotchedwa Independent African, anaona chiyambi cha ndale za ufulu. Ena amati otsatira ambiri ankayembekezera kutha kwa dziko monga ankalalikirira a Kamwana. Landeg White, amene analemba mbiri ya mudzi wa Magomero, anatsindika za mkwiyo wa anthu a thangata. Ine sindiona chifukwa chosankhapo chimodzi. Zonsezo zinalimo, ndipo umo ndi mmene mtima wa dziko umaonekera ukadali wakhanda: pemphero, njala ya malo ndi ulemu wa munthu wophunzira zili m'mtolo umodzi. Chachilendo chinali chakuti aka kanali koyamba anthu kunyamula zida osati pofuna kubwezeretsa mfumu yakale pampando. Otsogolera anali abusa, aphunzitsi, amalonda ndi wothandiza adokotala, ochokera m'mafuko osiyana, ndipo ankalota za dziko latsopano.

Nkhondo ya azungu ija, yotchedwa ya Chiwaya, itapitirira, amuna pafupifupi 200,000 a dziko lino anatengedwa kukanyamula katundu wa asilikali ngati amtengatenga, ndipo ambiri sanabwerere. Panalibe boma limene linatsala. Wa ku Mzimba ndi wa ku Mulanje anagona pa msasa umodzi, nadwala kamwazi mmodzi.

Pambuyo pa 1915 ophunzira anasankha njira ina, ya cholembera. Bungwe loyamba la eni dziko linali litayamba kale ku Karonga mu 1912, a Levi Mumba ali m'gulu la oyambitsa. Linatsatira la ku Nkhata Bay mu 1914, la Mombera mu 1920, la chigawo cha kumwera mu 1923 ndi la Chiradzulu mu 1929, patangopita zaka zitatu Dr Daniel Malekebu atatsegulanso mishoni ya ku Mbombwe. Mabungwewa sankapempha ufulu wodzilamulira. Ankalembera bwanamkubwa mwaulemu za sukulu, misewu, msonkho, thangata ndi khalidwe la azungu lokakamiza munthu kuvula chipewa panjira. Alipo amene amawapeputsa kuti anali a makalaliki ofuna kukondedwa ndi boma. Ndikuona kuti kumeneko n'kuwalakwira. M'mabungwe amenewa ndi mmene anthu athu anaphunzirira kulemba malamulo a gulu, kuvota, kusunga ndalama za mamembala ndi kutumizirana zimene agwirizana kuchokera boma lina kupita boma lina. Popanda luso limenelo, chipani cha dziko lonse sichikanatheka.

Sukulu ina inali kunja. Amuna zikwizikwi anapita ku Salisbury, ku Bulawayo ndi ku migodi ya ku Joni. Kumeneko palibe ankafunsa ngati ndiwe Mtonga, Mngoni kapena Mlomwe. Onse ankatchedwa Manyasa, ankagona m'komboni imodzi ndi kusonkherana pa maliro. A Clements Kadalie a ku Nkhata Bay anayambitsa bungwe la antchito ku Cape Town mu 1919, lomwe linakula n'kugwedeza South Africa yense. Ambiri anadziwira ku chilendo kuti kwawo ndi dziko, osati mudzi wokha. Anaonanso ndi maso awo moyo wa chitupa ndi kulandidwa malo pansi pa azungu okhazikika. N'chifukwa chake pamene nthumwi za Lord Bledisloe zinafika mu 1938 kudzafunsa za kuphatikiza Nyasaland ndi maiko a Rhodesia, mafumu, abusa ndi mabungwe, kumpoto mpaka kumwera, anakana ndi mawu amodzi.

Pali mbali ina ya nkhaniyi imene imakhudza Phalombe kwambiri. Lamulo la 1933 linapatsa mafumu mphamvu zoweruza ndi kuyendetsa madera awo, ndipo kuyambira pamenepo fuko linasanduka khomo lolowera ku boma. Wopanda mfumu yodziwika analibe pomvekera. Alomwe, ngakhale anali ochuluka, m'madera ambiri anali pansi pa mafumu achiyao ndi achinyanja, akutchedwabe alendo. A Lewis Mataka Bandawe, amene anaphunzira ku mishoni ya Blantyre, natumikira zaka zambiri ku Mihecani m'dziko la Mozambique, namasulira Chipangano Chatsopano m'Chilomwe, anayambitsa bungwe la Alomwe mu 1943. Anapempha boma kuti lisiye dzina lonyoza lija, ndipo boma linavomera. Timagulu tija, Amihavani, Atakhwani, Akokhola ndi anzawo, tinayamba kudziwerenga ngati fuko limodzi. Tikayang'anitsitsa, iyi ndi njira ija ya Herder, ya chilankhulo ndi chiyambi chimodzi ku phiri la Namuli. Fuko nalonso limachita kumangidwa, ndipo la Alomwe monga tikulidziwira lero linamangidwira mbali ino ya malire.

Chaka chomwecho cha 1943, mu August, a James Frederick Sangala anaitanitsa msonkhano ku Blantyre wofuna kulumikiza mabungwe onse. Mu October 1944 Nyasaland African Congress inachita msonkhano wake woyamba, nisankha a Levi Mumba a kumpoto kukhala pulezidenti. Dr Hastings Kamuzu Banda ankatumiza thandizo la ndalama ali ku Britain. Iyi tsopano inali njira ya nzika, yosafunsa fuko. Njira ziwirizi zinatuluka mu mzinda umodzi, pakati pa anthu ophunzira odziwana, ndipo pa nthawiyo sizinkalimbana. Chimene a Bandawe ankafuna n'chakuti anthu awo aleke kuonedwa ngati ongodutsa, awerengedwe monga eni dziko pamodzi ndi ena onse. Ndimaganiza za zimenezi ndikaona khamu losonkhana kwa Chonde pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe. Kunyadira gule, chakudya ndi chilankhulo chomwe chinatsala pang'ono kufa n'koyenera ndithu. Chimandiwawa ndi pamene andale, a fuko lililonse, atenga kunyadira kotere n'kukusandutsa muyeso wogawira ntchito ndi chitukuko, kapena pamene wina atchula mnzake kuti wobwera. Obwera ndiwo anali ambiri mwa amene anayamba kukhetsa magazi pa nkhani ya dziko lino.

Kongeresi ya 1944 inali idakali ya aphunzitsi, makalaliki ndi abusa. Inafika kumudzi pamene Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinakakamizidwa mu 1953, nthawi yomwenso alangizi a malimidwe ankalipiritsa ndi kumangitsa anthu chifukwa cha mizere. Mu August chaka chimenecho zipolowe zinabuka pa maesiteti a ku Thyolo n'kufalikira m'maboma oyandikana nawo, ndipo anthu 11 anaphedwa. Atsogoleri a m'tauni ankalankhula za Chitaganya ndi mipando ya ku nyumba ya malamulo, koma anthu a m'midzi ya kumwera kuno ankawafunsa za malo, za mizere ndi za thangata. Kongeresi inakula pamene inavomera kusenza madandaulo amenewo ngati akeake. Lamulo lothetsa thangata linadza mu 1962, chaka chimodzi chipani cha Malawi Congress chitapambana chisankho cha mu August 1961, kutatsala zaka ziwiri kuti dziko lilandire ufulu.